Tipi ya ku Kafue ndi Mbasela ya ku Chanyanya

M'buku langa la mapemphero, pakati pa mapemphero a madzulo, muli kapepala kamene sikayenera kukhalamo. Si chithunzi cha woyera mtima, ndiponso si kakhadi kokumbukira mbale amene anatisiya. Ndi lisiti la m'nyumba ina yodyeramo ya m'tauni ya Kafue, la pa 28 Sepitembala 2024. Inki yake yayamba kuzimiririka, koma manambala akali kuwerengeka: nsima ya nkhuku mbale ziwiri K180, zakumwa ziwiri K40, ndipo pansi pake pali mzere wachitatu wa K22 wolembedwa m'Chingerezi kuti service charge. Zonse pamodzi K242. Ndinapereka K250, ndipo K8 yotsalayo ndinaitola yonse, mpaka kakhobidi ka K1 kamene kanagubuduka kufuna kugwa patebulo. Owerenga okondedwa, nkhani yathu ya mwezi uno ndi ya K8 imeneyo, ndi ya ulendo wa ku Chanyanya umene unandichititsa nayo manyazi.

Tinanyamuka ku Lusaka m'mawa wa Loweruka limenelo, ine ndi amayi a kunyumba kwanga, kukachezera mnzanga wakale amene tinaphunzira naye ukatekisti, amene atakula anakakhazikika kwa ana ake ku Chanyanya, m'mphepete mwa mtsinje wa Kafue. Kuchokera ku Lusaka kufika m'tauni ya Kafue ndi mtunda wa makilomita ngati 45, kudzera ku Chilanga kumene kuli fakitale ya simenti. Chinali chaka cha chilala chija chimene boma linachilengeza pa 29 Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko lonse, ndipo m'mbali mwa msewu munali mouma gwa! Popeza madzi anachepa m'madamu a ku Kariba ndi ku Itezhi-Tezhi, magetsi anali kubwera ngati mlendo wamanyazi, maola ochepa okha pa tsiku, kawirikawiri usiku anthu ali mtulo.

Kafue ndi tauni imene inamangidwa ndi chiyembekezo chachikulu. Mlatho wake wa njanji ndi wa mu 1906. Dziko litalandira ufulu, boma linaikako fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals, imene inayamba ntchito mu 1970, ndiponso ya nsalu ya Kafue Textiles, nilimangira antchito nyumba ku Kafue Estates. Ife amene tinakula masiku amenewo tikumbukira amayi athu akutchena zitenje za ku Kafue pa Khirisimasi. Fakitale ya nsaluyo inaleka kuluka m'zaka za m'ma 2000, ndipo ana ndi adzukulu a anthu amene anali kugwiramo ntchito ndiwo ambiri mwa achinyamata amene muwaona lero akugulitsa m'mbali mwa msewu waukulu wopita ku Livingstone ndi ku Chirundu, kapena akunyamula mbale m'malo odyera. Kumalo kotere, ntchito iliyonse imene yapezeka munthu amaigwira ndi manja awiri osafunsa zambiri.

Galimoto ya ku Chanyanya inali isanadzaze, ndipo njala inali itayamba kutikumbutsa kuti tinachoka kunyumba ndi tiyi yekha. Tinalowa m'nyumba ina yodyeramo yooneka bwino, ya matebulo ofundika nsalu ndi maluwa a pulasitiki. Sindiitchula dzina, pakuti zimene ndinaonamo mungazione m'malo ambiri otere. Tinakhala pansi kwa mphindi khumi ndi zisanu popanda wotipatsa ngakhale moni, kwinaku anyamata awiri a yunifomu atatsamira kauntala maso ali pa foni. Pomaliza kunabwera mtsikana wa msinkhu wa mwana wathu wachitatu, natipatsa pepala la zakudya la masamba anayi. Ndinapempha nsomba. Anati nsomba kulibe. Abale anga, m'tauni ya Kafue, mtsinje uli apo, nsomba kulibe! Ndinapempha nyama ya ng'ombe. Anati inaonongeka chifukwa firiji siikugwira ntchito. Ya mbuzi? Yatha. Masamba anayi onse aja anafupika n'kukhala liwu limodzi: nkhuku.

Nkhukuyo tinaidikira ola lathunthu ndi mphindi khumi. Kudikira kokha sikukanandipweteka kwambiri, pakuti munthu amene wakhala zaka zambiri akudikira akhristu ochedwa ku maphunziro a ubatizo amadziwa kupirira. Chimene chinandibaya ndi ichi: ife tili chidikirire, panja panaima galimoto yaikulu yonyezimira, munatuluka bambo wina wa suti, naponya makiyi patebulo. Pomwepo anyamata a foni aja anadzuka ngati aponda moto. Wina anakoka mpando, wina anapukuta tebulo loyera kale, ndipo mtsikana wathu uja anatiiwala. Bamboyo anadya, nakhuta, natsuka mkamwa, ife tikali kuyang'ana maluwa a pulasitiki. Pamene yathu inafika, nsima inali yozizira ndi ya chikhungu pamwamba, ndipo nkhukuyo mukanati ndi njiwa. Madzi osamba m'manja anatilozera ku mpopi wa pakona, umene unangolira mphepo osatulutsa ngakhale dontho.

Koma nthawi yolipira itakwana, mtsikana uja anasanduka wina. Anamwetulira, anafunsa ngati tadya bwino, anabweretsa chenji m'kambale, ndipo m'malo mochoka anaima chapafupi atagwira manja kumbuyo. Ndinadziwa chimene anali kudikira, ndipo mkwiyo umene ndinausunga kwa ola lonse unaphulika. "Mwanawe," ndinatero mokweza kuti onse amve, "ukudikira chiyani? Yako ili kale papepalapo, K22 yathunthu, ya ntchito imene sunaigwire." Kenaka ndinatola K8 yanga. Iye anangoweramitsa mutu nati, "Zikomo, Atate." Amayi a kunyumba sananene kanthu mpaka titakwera galimoto. Tili m'njira anandiyang'ana nati, "Mlandu mwaupambana, bambo. Koma kodi mwana uja ndiye anazimitsa magetsi?" Sindinayankhe. Ndinayamba kuchita chidwi ndi mitengo ya kunja.

Chanyanya ili kumadzulo kwa tauni ya Kafue, ndipo msewu wake unatimwetsa fumbi lokwanira. Mukamayandikira, mapiri a ku Kafue amatsalira kumbuyo, dziko limayamba kuyalika ngati mphasa, mpaka maso amatopa kufuna pothera. Amenewa ndi madambo aakulu a Kafue Flats, otambalala makilomita oposa 200 kuchokera ku Itezhi-Tezhi kufika kufupi ndi Kafue Gorge. Muli ng'ombe, muli mbalame za m'madzi zosawerengeka, ndipo mkati mwake mukhala nyama ija yotchedwa Kafue lechwe, imene kwawo kwenikweni ndi m'madambo ano okha. Tinadutsa minda yobiriwira ya ulimi wothirira, ya makina aatali oyenda mozungulira, yooneka ngati yachilendo pakati pa udzu wopserera. Kenaka nyumba zinayamba kuthinana, fungo la nsomba zoyanika linatilonjera, ndipo tinafika padoko.

Doko la Chanyanya ndi msika, ndi siteshoni, ndiponso ndi bwalo la nkhani zonse za m'mudzi. Mabwato ogoba ndi a matabwa andandalika m'matope, asodzi akukonza maukonde, amayi ochokera ku Lusaka akhala pa mabeseni awo kudikira nsomba, anyamata a njinga akukuwa kufuna katundu. Anthu ake ndi ochokera kumbali zonse za Zambia, ndipo m'kanthawi kochepa ndinamva liwu loyamika m'zinenero zinayi: wina twalumba, wina natotela, wina ni itumezi, wina zikomo. Mnzanga uja, amene anatichingamira pomwepo, anatifotokozera mavuto a asodzi. Chimangireni madamu a Kafue Gorge ndi Itezhi-Tezhi m'zaka za m'ma 1970, madzi sasefukiranso monga mwa nyengo zake zakale, koma monga mwa kutsegula ndi kutseka kwa zipata za damu. Udzu woyandama uja, umene a ku Malawi amautcha namasupuni, umatseka njira za mabwato. Ndipo kuyambira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000 mwabwera tinkhanu tachilendo ta zala zofiira, tochokera ku Australia, timene timadya nsomba zikali mu ukonde, msodzi n'kuvuula minga yokhayokha. Kuwonjezera apo, chaka chilichonse kuyambira pa 1 Disembala mpaka kutha kwa Febuluwale usodzi umatsekedwa kuti nsomba ziswane, ndipo miyezi itatu imeneyo mphika umavuta.

Amayi a kunyumba atamuuza mnzangayo za njiwa ya ku Kafue, iye anaseka mpaka kutsokomola, natitengera ku chisakasa china cha mabango pafupi ndi doko. Munalibe nsalu ya patebulo, munalibe maluwa, munalibe pepala la zakudya. Munali benchi, mbaula ziwiri, ndi mayi wina wa nkhope yowala ndi thukuta. Pepala lake la zakudya linali lotere: anavundukula mapoto atatu kuti tione ndi maso athu. Nsomba zamamba zofanana ndi chambo, zovuulidwa m'mawa womwewo, mlamba wowamba, ndi lepu wa m'madimba othirira. Tisanakhazikike bwino, kamtsikana kanabwera ndi beseni ndi jagi, kanagwada, nikatithirira madzi m'manja mmodzimmodzi, kuyambira wamkulu. Nsima inabwera ikufuka nthunzi. Titafika pakati, mayiyo anaona kuti mbale yanga yapepuka, naponyamo mtanda wina osafunsa, pamodzi ndi mutu wa nsomba, akuti mutu ndi wa akuluakulu.

Mtengo unali K40 munthu mmodzi, ndipo mnzanga anali atalipira kale yake mwakachetechete. Ndinapereka K100 ya ife awiri. Chikumbumtima chinali kundiluma chifukwa cha za ku Kafue, ndipo ndinaona ngati pano ndi pokonzera zinthu. Ndinati, "Amayi, yotsalayo sungani," ndipo ndinatuluka ndikudzimva kuti ndine munthu wabwino. Sitinayende mapazi makumi atatu, kamtsikana kaja kanatipeza kakupuma wefuwefu, K20 ili m'manja: "Mwaiwala chenji." Ndinakabweza. Tsono anabwera mwini wake, akupukuta manja pa chitenje. "Ba Tata," anatero, monga mwa kaitanidwe ka kumeneko, "kodi ndalakwitsa kuwerenga?" Ndinamufotokozera kuti ndi yothokozera. Anandiyang'ana ngati ndanena chinthu chosayenera pamaso pa ana. "Ngati chakudya chakoma, mubwerenso mawa. Ine sindipempha, ndigulitsa." Titakambirana kwa kanthawi, anavomera kuilandira pokhapokha atatipatsa nsomba zouma za K20. Anazikulunga m'nyuzipepala, kenaka anasankha zina ziwiri zazing'ono naziika pamwamba. "Iyi ndi mbasela," anatero.

Ndakhala ndikulandira mbasela moyo wanga wonse, pa tomato, pa makala, pa kapenta, koma tsiku limenelo ndi pamene ndinayamba kuilingalira. Taonani kusiyana kwake. Pa mwambo wathu wa kumsika, wogulitsa ndiye amawonjezera, kuti athokoze wogula ndi kumanga naye chibale. Pa mwambo wa tipi, wogula ndiye amawonjezera, ndipo wolandirayo ndi wantchito. Mphatso imodzi imayenda chakuno, ina chauko. Mayi wa ku Chanyanya angathe kupatsa, ndiponso angathe kukana kupatsidwa, chifukwa mapoto ndi ake, mbaula ndi yake, ndipo phindu la tsikulo, lichepe kapena lichuluke, amalimanga yekha pa mfundo ya chitenje chake. Mtsikana wa ku Kafue alibe chake m'nyumba ija, ngakhale yunifomu imene wavala. Sangandiwonjezere mtanda wa nsima popanda kuuba. Chimene angapereke mwa iye yekha ndi kumwetulira basi, ndipo nako amakusungira nthawi imene kungamubweretsere kanthu. Sindikunena kuti padoko pali paradizo ayi. Kumeneko nakonso anthu amaponderezana pa mitengo, ngongole zimamanga asodzi, ndipo pali zina zochititsa manyazi zimene amayi ena ogula nsomba amakakamizidwa kuchita, zosayenera kuzilemba m'magazini ya banja. Koma pa nkhani ya mbale ya nsima, mayi uja anali mfulu.

Madzulo ake, tili pabwalo pa mnzanga, ndinaphunzira mbali ina ya nkhaniyi. Mdzukulu wake wamkazi, amene amagwira ntchito yoperekera zakudya m'lesitilanti ina ku Lusaka, anali atabwera kudzaona agogo ake. Poyamba anachita manyazi kulankhula pamaso pa akuluakulu, koma amayi a kunyumba anamunyengerera mpaka anamasuka. Anati amayamba ntchito 7 koloko m'mawa, ndipo masiku ambiri amaweruka 10 koloko usiku, minibasi zitatha, kotero kuti gawo la malipiro ake limathera pa ulendo wobwerera kunyumba. Tambula ikasweka, amamudula pa malipiro. Munthu akadya n'kuzemba osalipira, ngongoleyo imagwera amene anamuperekera chakudya. Nsima ikachedwa kukhichini, wotukwanidwa ndi iye, pakuti wophika ndi mwini malo saoneka kwa alendo. Ndinamufunsa za 10 peresenti ija. Anaseka pang'ono nati, "Agogo, imeneyo ife timangoiona papepala monga mmene mumaionera inu." Ndinalimba mtima n'kumufunsanso chifukwa chake amathamangira anthu a magalimoto aakulu. Sanabise. "Timayang'ana nsapato," anatero. "Tikudziwa kuti si bwino. Koma bambo wa suti akasiya K50, ndiye kuti mwana wanga wadya mawa."

Awa ndi mawu a mtsikana mmodzi za malo amodzi, ndipo alipo eni malo odyera oopa Mulungu amene amapereka kwa antchito zonse zowayenera. Komabe ndi bwino tidziwe chimene lamulo la dziko lathu likunena, pakuti ambiri a ife timalipira ndalama imeneyi osadziwa kuti ndi ya yani. Lamulo la zokopa alendo ndi mahotela la mu 2015, pamodzi ndi malangizo ake a mu 2016, likuti mahotela ndi malesitilanti aziwonjezera magawo 10 pa 100 alionse pa mtengo wa malo ogona, chakudya ndi zakumwa. Ndalamayo si ya mwini malo, ndiponso si msonkho wa boma. Iyenera kugawidwa mofanana kwa antchito onse kupatula mabwana oyang'anira, kutanthauza kuti wotsuka mbale ndi wosesa, amene mlendo sawaona, nawonso ali ndi gawo. Ndipo lamulo lomwelo likuti pamene ndalamayi yalipidwa, munthu sakakamizidwa kupereka tipi. Ganizo limeneli si latsopano. Linalipo kale m'malamulo a mahotela a masiku a boma la UNIP. Ine ndimaliona kuti ndi ganizo laulemu: wantchito asamadalire nkhope ya mlendo kuti adye. Tsono pa lamulo ndinali wolungama pamene ndinatola K8 yanga. Funso limene sindinadzifunse ndi lakuti K22 ija inafika m'manja mwa yani.

Maiko ena nawonso akulimbana ndi nkhani yomweyi, aliyense m'njira yake. Ku United States, lamulo la dziko lonse limalola kulipira woperekera zakudya madola 2.13 okha pa ola, chiwerengero chimene chinaikidwa mu 1991, poyembekezera kuti tipi idzakwaniritsa zotsalazo. N'chifukwa chake kumeneko kusiya 15 kapena 20 peresenti kuli ngati ngongole, ndipo wosasiya amaonedwa ngati wakuba. Ku Japan ndi zosiyana: tipi si mwambo wawo, ndipo akhoza kukuthamangirani nayo monga kamtsikana ka ku Chanyanya. Ku Britain anachita kukhazikitsa lamulo, limene linayamba kugwira ntchito pa 1 Okutobala 2024, loletsa eni malo kudyako ndalama za tipi ndi za service charge. Ife kuno tili pakati, ndipo n'chifukwa chake timasokonezeka patebulo. Lamulo likuti simukakamizidwa, maso a mtsikana akuti ndithandizeni, thumba likuti samala. Ndipo pali choopsa china: kandalama koperekedwa ntchito isanagwiridwe, kuti wina akutumikireni msanga kuposa anzanu, kasiya kukhala chithokozo, kalowa m'banja limodzi ndi "ya madzi" ija imene timaidandaula m'maofesi ndi pamisewu.

Lamulungu m'mawa tinapita ku katchalitchi ka kumeneko. Wansembe kunalibe, kotero unali mwambo wa Mawu a Mulungu, ndipo mnzanga, pofuna kulemekeza mlendo, anandipempha kuti ndiwerenge ndi kufotokoza. Linali Lamulungu la 26 la pa chaka, ndipo kuwerenga kwachiwiri kunali kochokera m'kalata ya Yakobo woyera, mutu 5, pamene mtumwiyo adzudzula olemera chifukwa chomana malipiro antchito amene anakolola m'minda yawo, nanena kuti kulira kwa antchitowo kwafika kwa Mulungu. Masabata atatu m'mbuyomo, ine ndemwe ndinali nditaphunzitsa za mutu 2 wa kalata yomweyo, wodzudzula tsankho lokhazika wovala bwino pa mpando wabwino ndi kuimika wosauka pakhomo. Mutu 2 ndinaukumbukira bwino lomwe ku Kafue pamene bambo wa suti anali kudya ife tikuyang'ana. Mutu 5 ndiwo sunandibwerere m'maganizo. Ndinaima pamaso pa asodzi ndi akazi awo, K8 ija ili m'thumba la jekete, ndipo ndikhulupirira kuti sindinalalikepo mwachidule chotere chiyambire.

Eklezia sanasiye kulankhula za nkhaniyi. Buku la Deuteronomo likulamula kuti waganyu wosauka alandire zake dzuwa lisanalowe. Katekisimu amaika kumana wantchito malipiro ake pakati pa machimo olirira kumwamba. Papa Leo XIII, m'kalata yake ya Rerum Novarum ya mu 1891, anaphunzitsa kuti malipiro ayenera kukwanira kusunga wantchito mwaulemu, ndi kuti kuvomera malipiro ochepa chifukwa chosowa kolowera sikusandutsa malipirowo kukhala olungama. Papa Yohane Paulo II, amene anatichezera kuno ku Zambia mu 1989, anabwereza zomwezo mu Laborem Exercens mu 1981. Ndipo a Jesuit Centre for Theological Reflection, amene amawerengera mwezi ndi mwezi ndalama zofunika pa banja la anthu asanu, anapeza kuti mu 2024 mu Lusaka zinapitirira K10,000 pa mwezi. Ikani chiwerengero chimenecho pambali pa malipiro a woperekera zakudya, ndipo mudzamvetsa chifukwa chake amayang'ana nsapato. Malipiro ndi ngongole ya chilungamo, tipi ndi mphatso. Mwini malo amene amalipira pang'ono podalira kuti alendo adzawonjezera, wasenzetsa alendowo ngongole yake, ndipo wasandutsa wantchito wake wopemphapempha wovala yunifomu.

Pano ndipatuke pang'ono, pakuti chala chimene chikuloza eni malesitilanti chili ndi zinzake zoloza kwathu. Pa zikondwerero za parishi, ndani amadzuka 4 koloko kukasonkha moto, kuphikira alendo mazana, n'kudya pomalizira zotsala ali chiimire kuseri kwa holo? Powerenga mayina a oyenera kuthokozedwa timayamba ndi mlendo wolemekezeka, ndipo pofika kwa amayi ophika anthu amakhala atayamba kunyamula mipando. Nanga mtsikana wantchito wa m'nyumba zathu, amene timamupatsa diresi lakale pa Khirisimasi, malipiro ake a Novembala tisanamupatse? Imeneyonso ndi tipi yoperekedwa m'malo mwa ngongole. Ndangodutsapo, tidzaikambirana bwino mwezi wina.

Lolemba pobwerera, tinafikanso ku Kafue cha m'ma 11 koloko, ndipo ndinauza amayi a kunyumba kuti tilowenso m'nyumba ija. Anandiyang'ana, koma sanatsutse. Ndinapempha kuonana ndi manijala. Anabwera mnyamata waulemu wa tayi, ndipo ndinamuonetsa lisiti langa. Ndinamuuza bwinobwino, mosakweza mawu, kuti Loweruka tinadikira ola lathunthu, kuti mpopi wawo ulibe madzi ndipo beseni ndi jagi sizidula, ndi kuti mlendo wa nsapato zafumbi nayenso ndi mlendo. Zimenezi ndiye zinali zoyenera kunenedwa, ndipo uyu ndiye anali woyenera kuzimva. Anapepesa. Kenaka ndinaloza mzere wachitatu uja n'kufunsa ngati antchito amalandira ndalamayo. Anati inde, imalowa m'malipiro awo. Ndinafunsa ngati imalembedwa payokha pa pepala la malipiro, kuti wantchito aone kuti mwezi uno yakwana zakuti. Anakonza tayi yake, nati zimenezo amadziwa ndi abwana, ndipo abwanawo ali ku Lusaka.

Mtsikana uja anali kupukuta matebulo chakumbuyo, ndipo anatizindikira, pakuti anayesa kuzemba kulowa kukhichini. Ndinamuitana. Si chapafupi kwa bambo wa imvi kupepesa kwa mwana pamaso pa anthu, ndipo mawu amene ndinawakonza m'galimoto anabalalika. Ndinangoti, "Mwana wanga, Loweruka ndinakulankhula moipa. Undikhululukire." Anadabwa, nayang'ana kwa manijala, kenaka pansi. "Palibe kanthu, Atate. Tinazolowera." Liwu lomalizalo linandipweteka kuposa akanandiyankha mwamwano. Ndinatulutsa K8 ija pamodzi ndi ina yowonjezera, n'kumuika m'dzanja lake lenilenilo, osati m'kambale. Analandira ndi manja awiri atapinda maondo.

Tikutuluka, iye ananunkhiza mpweya namwetulira, tsono kumwetulira kwina kosiyana ndi kwa Loweruka. "Mwachokera ku Chanyanya," anatero. "Amayi anga amagula nsomba kumeneko." Amayi a kunyumba anamasula kathumba kawo, nafunyulula nyuzipepala ija, natenga nsomba ziwiri zazing'ono za pamwamba zija n'kumupatsa. Mtsikanayo anazibisa msanga m'thumba la epuloni manijala asanacheuke. Panja kondakitala anali kukuwa kuti kwatsala malo a anthu awiri okha opita ku Lusaka, ndipo tinathamanga.